Mgolo wa Mapemphero ndi Mapira a Apongozi Anga

Nsefu,
Chigwa cha Luangwa.
20 Julaye, 1970.

Kwa Olemekezeka Mlembi Wamkulu,
Bungwe Lofikitsa Uthenga kwa Anthu,
Mpingo wa Nyali ya Kum'mawa,
Kumtunda.

Bambo wanga mwa Ambuye,

Ndikanagwada polemba kalata ino, monga ayenera kuchitira munthu wamng'ono pamaso pa akuluakulu, koma bondo lomwelo ndi limene ndatsamiritsapo pepala. Landirani tsono kugwada kwa mumtima. Ndikhulupirira muli bwino kumtundako pamodzi ndi amayi, ana, ndi makina anu olembera makalata, amene ife kuno timawadziwa bwino kuposa nkhope yanu.

Ndine Onesmus Chulu, mlaliki wa mpingo wathu kuno ku Nsefu. Ngati dzinali silikukumbutsani kanthu, ndine uja munamutcha "lipenga la m'chigwa" m'nyuzi ya mpingo ya mwezi wa Epulo, ndiponso uja munamutcha "munthu wochita za m'mutu mwake" m'kalata yanu ya mwezi wa Juni. Musadabwe, ndine mmodzi yemweyo, ndipo maina onse awiri andikwana.

Nkhani yanga ndi imodzi. Apongozi anga, amayi Tabeth, mkazi wamasiye amene akulera adzukulu atatu, alibe mapira chaka chino. Anzawo amata nkhokwe, yawo ili pululu, ndipo kuti adzaonenso zokolola zina patsala miyezi khumi. Mapirawo anadyedwa ndi njovu, koma amene anazitsekulira njira ndife awiri, inu ndi ine. Gawo lalikulu ndi langa, sindikana. Ndalemba kuti ndikupatseni lanu, poopa kuti mungadzati ndinakumanani.

Makalata atatu ndakutumizirani kale, omata bwinobwino, ndipo ndaona kuti envulopu imawononga mawu panjira. Ine ndimalemba china, inu n'kuwerenga china. Ino ndaisiya yotsegula, ndipo ina yofanana nayo ndaikhoma pachitseko cha shedi yogulira thonje, kuti mukavutika kumva pakhale anthu okuthandizani. Loleni tsono ndikuthokozeni mwadongosolo.

Choyamba, ndikuthokozani chifukwa cha kalata yanu ya mu Januwale, ija munalembera mipingo yonse. Munati tsopano dziko lili ndi mbendera yakeyake, ndiye Uthenga nawo usamangobindikira m'nyumba ya njerwa. Munati tipite nawo kumisika, kumigodi ndi kumasiteshoni a sitima, tikuimba ndi magitala ndi ng'oma za makolo athu. Mawu amenewa anandikhudza kwambiri. Kuno tilibe msika, tilibe mgodi, ndipo sitima ndinangoiona pachithunzi, koma minda tili nayo. Kuyambira Febuluwale mpaka kukolola, anthu a m'chigwa amasamukira kuminda. Aliyense amakhala pachilindo, kansanja kake kolonderapo, akulimbana ndi mbalame, anyani ndi njovu. Miyezi imeneyo m'tchalitchi mumatsala okalamba anayi ndi mileme. Ndalalikira gulu limeneli zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mileme sindiidandaula, simajomba.

Ndikuthokozaninso pondiitana ku maphunziro a masabata awiri kumtundako. Ndinabwerako ndi setifiketi, tayi wofiira, ndi mawu akuti "chitsitsimutso", amene ndinkawatchula ngakhale pogula mchere. Malo oika zatsopanozi m'mutu mwanga anali ochepa, ndiye ndinataya zina zakale zimene mwana aliyense wa kuno amadziwa.

Chachiwiri, ndikuthokozani potilola ng'oma. Vuto linali laling'ono chabe: ng'oma za mudzi uno tinaziotcha zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, molamulidwa ndi Bungwe lanu lomweli, pamene linali ndi dzina lina ndi mlembi wa khungu lina. Amene anakoleza motowo ndine. Nditapita kwa mkulu wosema ng'oma kukapempha yatsopano, anaseka mpaka kutsamwa ndi fodya, n'kundifunsa ngati Mulungu wasintha makutu. Anandipulumutsa ndi a Hosea, amene amaperekera zakudya ku kampu ya azungu oona nyama, koma nthawi ya mvula amakhala pamudzi poti kampu imatsekedwa. Iwo ali ndi gitala ya nsambo zinayi, ziwiri mwa izo za waya wa buleki ya njinga. Anandibweretsera mgolo wa dizilo wopanda kanthu, nati ukaumenya pakati umalira ngati ng'oma yaikulu.

Pano ndiyenera kukufotokozerani chinthu chimene kumtunda simungachidziwe, koma ine ndinabadwa ndikuchidziwa. Kuno mgolo kapena chitini chikalira kumunda, tanthauzo lake ndi limodzi basi: njovu zalowa. Womva amataya chimene wagwira n'kuthamangira komweko, ngakhale munda uli wa munthu amene sayankhulana naye, chifukwa mawa zidzalowa mwake. Palibe amene analilemba lamulo limeneli, koma ndi lakale kuposa tchalitchi chathu, ndipo ndi limene latidyetsa mpaka lero.

A Adamson Njovu, mkulu wa mpingo, ananditengera pambali. "A mlaliki," anatero, "mgolo kuno uli kale ndi ntchito yake. Musaupatse ziwiri." Ndinawayankha kuti okalamba ndiwo amatsekereza chitsitsimutso. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma langa linali litaphimbidwa ndi setifiketi, sindinamve kutsinako.

Chachitatu, ndikuthokozani pokhulupirira lipoti langa la Sabata loyamba. Tinasankha pansi pa mtengo wa mvunguti, m'mphepete mwa munda wa apongozi. Malowo anatipatsa okha kudzera mwa mkazi wanga Delia, pakuti ine ndi iwo, monga mwambo, sitiyang'anana kumaso kapena kuyankhulana mwachindunji. Naini koloko itakwana ndinakonza tayi n'kuuza a Hosea kuti amenye mgolo ndi mphamvu zonse, kumwamba kumve.

Kumwamba sindidziwa, koma chigwa chonse chinamva. Ndinalemba kuti anthu oposa handiredi anabwera akuthamanga, ndipo n'zoona. Ndinalemba kuti ena analibe ndi nthawi yovala malaya yomwe, n'zoonanso. Ndinalemba kuti ngakhale munthu wa Gemu, wolondera nyama za Boma, anafika ndi mfuti, wokonzeka kulimbana ndi mdani. Nkhwangwa, mikondo ndi zikuni zamoto sindinazitchule poti pepala linali laling'ono. Ndinalembanso kuti khamu lonse linkafuula kuti, "Ali kuti? Alowera pati?" Apa mpamene munalemba mzere wofiira pansi n'kunena kuti chigwa chili ndi ludzu la Ambuye. Bambo, kuno njovu sitimaitchula mwachipongwe ngati mbuzi. Timati "a Njovu", timati "alowa", "adya", "apita", chifukwa wamkulu ndi wamkulu. Anthu aja sankafunsa za Ambuye. Ine ndinadziwa chimene ankafunsa, komabe ndinaloza kumwamba n'kuyamba ulaliki. Anakhala pansi chifukwa mpweya unawathera.

M'lipoti lija mulibe bodza ngakhale limodzi, ndipo ndi chinthu chabodza kwambiri chimene ndinalembapo chibadwire.

Chachinayi, ndikuthokozani posindikiza dzina langa m'nyuzi ndi kulangiza alaliki ena kuti atengere chitsanzo kwa ine. Tsambalo ndinaliwerenga kokwana kasanu ndi kawiri, kamodzi mokweza pachitsime. Munthu amene wakhala akulalikira mileme akatamandidwa amaledzera msanga, ndipo ine ndinaledzera. Sabata lachiwiri anthu anathamanganso, koma ochepa, ndipo ena anatukwana pobwerera. Sabata lachitatu anabwera akuyenda. Pofika Sabata lachisanu, mgolo ukalira anthu ankangoti, "Ndi za a Onesmus izo," n'kupitiriza kuingitsa mbalame. Ndinaziona zonsezi. Tsiku lina ndinafuna kusiya mgolo, koma ndinakumbukira kuti lipenga silikhala chete, ndiye ndinauza a Hosea kuti azimenya motalikitsa.

Musaganize kuti zonse zinali zachabe, pakuti apa mpamene mtima wanga umawawa. Anthu ngati sate anatsala, ndipo anatsala mwakufuna kwawo. A Hosea anapeka nyimbo za khasu, za mbalame ndi za madzi osefukira, m'maimbidwe athu enieni, ndipo amayi amene m'tchalitchi amangong'ung'udza ankaimba mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Asodzi awiri amene sanapondepo m'tchalitchi ankabwera n'kukhala pamizu. Apongozi anga, amene kwa zaka zambiri sankamva Mawu miyezi yolondera, ankayankha nyimbo ali pachilindo chawo, diso lina kumapira. Tsiku lina anatuma Delia kudzandiuza kuti mkamwini wawo wachita chinthu chanzeru. M'zaka khumi ndi zinayi za ukwati wanga, mawu otere ndinawamva tsiku limenelo lokha.

Chachisanu sichothokoza, koma ndachiika pamndandanda kuti manambala asasokonekere. Lachitatu loyamba la mwezi wa Meyi, cha m'ma folo koloko, mapira atacha mpaka kuweramira pansi, njovu zisanu zinatuluka m'thengo n'kulowa m'munda wa apongozi. Iwo anali okha. Anatsika pachilindo n'kuthamangira pamvunguti pamene tinkasiya mgolo, poti umamveka patali kuposa chitini chawo, n'kuyamba kuumenya ndi mpini wa khasu monga anaphunzirira ali mtsikana.

Chigwa chonse chinamvanso. Amene sapemphera anati, "A Onesmus ayamba ndi pakati pa sabata pomwe," n'kukhala. Akhristu anati kwagwa mapemphero apadera, ndiye anayamba apita kukasamba, pakuti ndinali nditawaphunzitsa kuti pamaso pa Mulungu sabwera ndi matope. Delia anatha nthawi kufunafuna mpango wake woyera.

Nanga ine? Ndinali pakhonde ndikukonza ulaliki wonena za kukhala tcheru. Nditamva mgolo ndinapsa mtima. Ndinati ndani ameneyo wayambitsa mapemphero popanda chilolezo changa, ndipo ndinaganizira a Adamson kuti akufuna mpando wanga. Ndinalowa m'nyumba kukatenga tayi, amene ndinali nditamuyala pansi pa mphasa kuti awongoke, n'kumumanga kawiri chifukwa poyamba anapendama. Kenako ndinandandalitsa anthu awiriawiri, a Hosea patsogolo ndi gitala, ndipo tinanyamuka tikuimba, mosafulumira, monga liyenera kuyendera gulu la mlaliki wotchuka. Mgolo unkalirabe njira yonse, ndipo ndinauza Delia kuti womenyayo sadziwa kutsata nyimbo.

Munthu mmodzi yekha ndiye anamva chimene mgolo unkanena. A Adamson anali kumtsinje, ndipo anazindikira kamenyedweko. Anathamanga ndi mwendo wawo wodwala uja, chikuni chamoto m'manja, n'kufika okha. Nkhalamba imodzi singaingitse njovu zisanu.

Ife titafika, munda unali ngati bwalo la mpira. Njovu zinali kulowa m'thengo mosatekeseka, yomalizira ili ndi mtolo wa mapira pachitamba. Apongozi anali atakhala pansi pafupi ndi mgolo, zikhatho zitang'ambika. Ife tinaima pamenepo, osamba bwino, mabuku a nyimbo m'manja. Sanandiyang'ane, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza makolo amene anaika mwambo woti mkamwini asaonane maso ndi apongozi ake. Anatembenukira kwa mwana wawo nati, "Delia, uwafunse amuna ako, tiyambe nyimbo nambala chani?" Ndachitapo manyazi m'moyo mwanga, Bambo, koma a tsiku limenelo sanandichokebe.

Chachisanu ndi chimodzi, ndikuthokozani chifukwa choyankha makalata anga msanga, ndiponso mwanzeru zoposa zanga.

M'kalata yoyamba ndinalemba monga timayankhulira kuno, kuti a Njovu analowa m'munda wa amayi Tabeth namaliza mapira onse. Munayankha kuti khalidwe lotere silingaloledwe mwa Mkhristu, ndipo munalamula kuti Bambo Njovu aimitsidwe ku Mgonero miyezi isanu ndi umodzi. M'buku la mpingo wathu muli Njovu mmodzi yekha. Poti ndine wantchito womvera, kalatayo ndinaiwerenga pamaso pa mpingo, ndipo a Adamson, munthu yekhayo amene anathamanga, tsopano amakhala pabenchi ya kumbuyo. Sanakwiye. Angopempha kuti muwadziwitse ngati abale awo asanu aja nawonso mwawalembera, poti iwo sakudziwa kumene angawapeze.

M'kalata yachiwiri ndinafotokoza kuti ndikunena njovu za chitamba ndi minyanga. Munayankha kuti nkhani za nyama ndi za Boma, osati za Bungwe. Munaonjeza kuti kalata ya mu Januwale inati ng'oma, sinati mgolo, choncho zonse ndinachita za m'mutu mwanga, ndipo ndibweze khadi langa la ulaliki. Za a Adamson simunatchulepo, ndiye akadali kumbuyo. Ndinafunafuna m'nyuzi ya Epulo ija, pamene munalemba kuti "mgolo wa ku Nsefu ugwedeze mipingo yonse", ndipo ndapeza kuti mwina ndi makina anu analemba okha. Khadilo ndibweza, sindilimbalimba. Munthu amene anamanga tayi kawiri munda wa apongozi ake ukudyedwa sayenera kukhala ndi khadi lililonse, ngakhale la sikelo ya ana. Mgolo tinaubwezera kale ku ntchito yake, ndipo pamvunguti timaitanana ndi pakamwa. Anthu sate aja akubwerabe, zimene zikundidabwitsa ine ndemwe.

M'kalata yachitatu ndinasiya zokometsera. Ndinapempha matumba asanu ndi limodzi a chakudya kuchokera m'nkhokwe ya mpingo kumtundako, kuti mayi wokalamba ndi ana atatu afike nawo pa mvula. Anansi ayesetsa, wina kambale, wina kadengu, ndipo ine ndi Delia tagawa pakati zathu, koma chaka chino madzi anatidyera munda wa kumunsi ndipo zonse pamodzi sizifika Okutobala. Ana aja ayamba kale kudya kamodzi patsiku. Yankho lanu linafika sabata yatha, losindikizidwa bwino, lopita ku mipingo yonse. Likutikumbutsa kuti nthawi ya zopereka za masika yakwana, kuti banja lililonse lipereke limodzi mwa magawo khumi a zokolola zake, kuti lole ya Bungwe idzafika pa fifitini Ogasiti kudzatenga, ndiponso kuti maina a osapereka adzawerengedwe pamaso pa mpingo. Pamndandanda umene munamatapo, dzina la amayi Tabeth lili pa nambala seveni.

Kalatayo ndinawawerengera nditafulatira, Delia ali pakati pathu. Ndinayembekeza kuti alira kapena atukwana, ndipo zonse ziwiri ndikanazilandira. Iwo anangoti dzina lawo silinawerengedwepo pa osapereka chibatizidwire, ndipo siliyamba chaka chino. M'mawa mwake anatenga dengu n'kupita kumunda kukatola mapira awo kumene ali tsopano. Ndowe za njovu zija zauma bwino ndi dzuwa la chisanu. Anayesa mwachilungamo, mosabera Mulungu: madengu asanu ndi anayi anawasiya m'munda kuti akhale manyowa, lakhumi anasenza n'kudzalitula pakhomo la tchalitchi, ataliphimba ndi nsalu yoyera. Ndinaphwanya imodzi kuti nditsimikize, ndipo ndikuchitira umboni kuti njere za mapira zilimo.

Tsono, Bambo wanga, pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Za matumba sindibwerezanso, ndaona kuti mawu amenewo makina anu sawagwira. Ndingopempha kuti pa fifitini Ogasiti musatume dalaivala yekha. Msewu wauma, mitsinje yaphwa, ndipo kutsogolo kwa lole kuli mpando wa munthu mmodzi. Bwerani nokha mudzalandire khadi langa, kenako mudzaime kutsogolo monga amachitira akuluakulu pa tsiku la masika, muvundukule nsalu ija, mulandire dengulo ndi manja awiri, muliike patebulo. Amayi Tabeth adzakhala pabenchi ya patsogolo ndi adzukulu awo atatu. Akuti akufuna kudzamva ndi makutu awo pemphero lothokoza limene mudzapemphere pa dengu limenelo. Ine ndayesa masiku anayi kulikonza, mawu sakubwera, koma inu munaphunzira kuposa ine.

Ndine wanu wotsikitsitsa, wosayenera ngakhale kukupatsirani madzi osamba m'manja,

Onesmus Chulu,
Mlaliki wa ku Nsefu, kufikira lole itafika.